Chisomo atavula nsambo zonse za mandolini ya Sekuru Mbewe

Lachiwiri lapitali ndinali pakhonde ndikusankha nyemba pamene Chisomo analowa pabwalo pathu atafukata chinthu chokulunga m'chitenje. Anachigwira ngati akupita ndi mwana kuchipatala. Ngakhale moni sanapereke.

"Mai a Tino, ndafa ine," anatero.

Kwa inu amene simuli a kuno ku Tengwe, Chisomo ndi mtsikana wa m'kwaya yathu, ndipo Loweruka la sabata lomwelo linali la ukwati wake. Analeredwa ndi agogo ake aamuna, Sekuru Mbewe, amene pa komboni pano palibe amene sawadziwa chifukwa cha mandolini yawo. Ngati simunaionepo mandolini, ganizani mng'ono wake wa gitala: kamimba kozungulira, khosi lalifupi, nsambo zisanu ndi zitatu zoyenda ziwiriziwiri. Ya Sekuru anaisiya ndi bambo awo, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya fodya kuno. Imakhala pa msomali pamwamba pa bedi lawo, ndipo lamulo lake limadziwika ndi mwana yemwe: ungaione, koma usaigwire.

Chisomo anafunyulula chitenje chija. Mandolini inali phuliphuli kuwala, ngati khonde la mkazi watsopano. Koma inalibe nsambo ndi imodzi yomwe. Ndipo m'dzanja lake munali kamtengo kakuda, kotalika ngati chala.

Nkhani yake inali iyi. Sekuru analonjeza kuti adzamuimbira pomuperekeza kuchoka kunyumba mpaka kutchalitchi. Mwamuna womukwatirayo anabwera ndi nsambo zatsopano kuchokera ku Harare. Sekuru atakwera kombi kupita ku Karoi, kumene amakagona kwa mlongo wawo, Chisomo anati awadabwitse. Anatsitsa mandolini, n'kuvula nsambo zakale zonse zadzimbiri, n'kuipukuta bwinobwino ndi polishi. Atangoitembenuza kuti apukute kumsana, kamtengo kaja, kamene nsambo zimatsamirapo pamimba, kanagwa pansi.

"Kagwa kokha, ndikulumbira. Koma andikhulupirira ndani? Abwera Lachinayi."

Anathamangira kwa ine chifukwa ndine ndimaimba gitala m'kwaya. Koma kuimba gitala ndi kwina, kuidziwa gitala ndi kwinanso. Ine ndimangodziwa kupotokola timakutu take mpaka mawu agwirizane ndi a anthu. Kupitirira apo ndinali mlendo ngati Chisomo yemweyo.

Tili pomwepo anatulukira bambo a Tino, amuna anga, akuchokera kokonza thirakitala ya pa puloti ina. Anakatenga kamtengo kaja, kukazunguza m'manja mwawo mwa girisi, ndipo nkhani anaimaliza nthawi yomweyo.

"Zimenezi n'zolirira? Bweretsani guluu uja timamatira nsapato. Chikakana, tikhomapo kamsomali."

Chisomo anatsala pang'ono kuvomera. Munthu wamantha amavomera chilichonse. Koma ine ndinayang'ana kunsi kwa kamtengo kaja, ndinayang'ananso pamimba pa mandolini, ndipo sindinaone chipsera cha guluu paliponse.

"Bambo a Tino, ngati sikanamatidwepo chiyambire, lero tikamatiranji?"

Ananditi ndimakonda kutsutsa, n'kupita kukasamba.

Tinaganizako za ku Harare. Amati kuli munthu wokonza zoimbira. Koma ali pati? Ndipo ukamupeza, akuuza kuti siya, ubwere mwezi wamawa. Ukwati sudikira mwezi wamawa.

Ndiye tinachita zimene aliyense wa kuno amachita akafuna kulankhula ndi dziko: tinakwera pachulu chija chili kuseri kwa mabalani akale a fodya, pomwe foni imagwira. Mkwatibwi pamodzi ndi ine mayi wa ana atatu, pamwamba pa chulu, dzuwa la Okutobala likutiwotcha pamutu, foni titaikweza m'mwamba ngati tikuonetsa ndege. Tinapeza vidiyo ya mzungu wina wandevu, ali m'chipinda chodzaza ndi zida zonyezimira. Chizungu chake chinkathamanga, koma manja ake tinkawamva. Anamasula nsambo za mandolini yake, kamtengo konga komwe kaja n'kugwera patebulo. Anakatola akumwetulira.

Kamlatho kameneka, anatero, sikamatidwa ayi. Kamangokhala pamenepo chifukwa nsambo zakapanikiza. Ukavula zonse nthawi imodzi kamagwa. Ndiye usadzakamate, ndipo posintha nsambo uzisintha imodziimodzi.

Chisomo anakuwa mpaka amayi amene ankachokera kothirira nazale anaima panjira, kuganiza kuti mkwati wathawa.

Sanathyole kanthu. Koma chimwemwe chathu sichinachedwe kuzirala, chifukwa funso lachiwiri linali loti kamlathoko kabwerere pati penipeni. Wandevu uja anati n'zosavuta, ungoyang'ana chizindikiro chimene kanasiya pa vanishi. Tinayang'anizana. Chisomo ndi mtsikana waukhondo. Chizindikirocho anachipukuta ndi mtima wake wonse.

Lachitatu lonse masana tinathera pa mphasa, kunsi kwa mtengo wa mango, mandolini itagona pa pilo. Taonani zimene tinaphunzira, mwina zingakuthandizeni. Pakhosi pa mandolini kapena gitala pali timizere tachitsulo todutsa chopingasa. Kamzere ka nambala 12 ndiko pakati pa nsambo. Ukayeza kuchokera kumutu, pomwe nsambo zimayambira, kufika pa kamzere kameneko, kamlatho kayenera kukhala mtunda womwewo kutsogolo kwake. Tinayeza ndi tepi yanga yosokera. Kenako umakoka nsambo, n'kuiliza osaigwira, n'kuilizanso utaipanikiza pa kamzere kaja. Mawu awiriwo akhale amodzi, enawo okwera chabe, ngati mayi ndi mwana wake akuimba nyimbo imodzi. Ngati achiwiriwo apitirira, sendeza kamlatho chakumchira. Ngati aperewera, kasendezere chakukhosi. Pang'ono chabe, ngati kukula kwa njere ya mapira.

Kulemba n'kosavuta. Poyamba tinakaika chozondotsa, nsambo zonenepa n'kukhala m'timipata ta zowonda. Tinamasula, tinayambiranso. Kenako nsambo imodzi yatsopano, yowonda kwambiri ija, inaduka n'kundikwapula pachala. Chisomo anagwira kumutu. Mwamwayi zakale zija sanataye, ndiye tinabwezerapo imodzi yadzimbiri pambali pa inzake yonyezimira.

Zonse zitakhala m'malo, ndinayesa kuimba. Ndinangopanikiza kawiri n'kuchotsa dzanja. Nsambo zinali kutali ndi khosi moti kuzifikitsa pansi kunali ngati kukanikiza waya wa mpanda.

"Sekuru amaimba bwanji chinthu chimenechi?"

"Ndi mmene chakhalira chibadwire ine," anatero Chisomo.

Tinabwereranso pachulu. Wandevu uja anatiuza kuti tiyang'ane bwino kamlatho. M'mbali mwake muli timawilo tiwiri tachitsulo. Ukatipotokola, nsambo zimatsika kapena kukwera. Tinatsika n'kukayang'ana. Timawiloto tinalimo ndithu, takuda bii ndi dzimbiri, tosasuntha.

Apa ndiyenera kuwayamikira bambo a Tino, popeza ndawaseka kale pagulu. Ndiwo anatimasula timawiloto. Anabwera ndi pulayala, ine n'kuwaletsa, iwo n'kundiuza kuti ndikhale chete. Sanaigwiritse n'komwe pulayalayo. Tinafewetsa nsambo, iwo n'kudonthezera mafuta ndi nsonga ya machesi, kudikira, kugwedeza pang'ono ndi zala, kudonthezanso. Munthu amene amamanga nati ya thirakitala ndi mwendo anakhala pa mphasa lilime lili kunja ngati mwana wa giredi wani akulemba dzina lake. Kawilo koyamba katayenda anatiyang'ana tonse ngati wagoletsa chigoli.

Chisomo sanafune kuti titsitse nsambo. "Tibwezeretse mmene zinalili, asadziwe."

"Iwe, mandolini ikununkha polishi kuchokera kumsewu. Adziwa basi."

Tinatsitsa pang'onopang'ono mpaka nsambo zinayamba kulira ngati ntchentche ya m'botolo, kusonyeza kuti zikukhudza timizere tija. Tinakwezanso pang'ono, phokoso n'kutha. Tinayezanso mawu aja. Pamenepo chala chinkangogunda nsambo, iyo n'kumvera.

Lachinayi Sekuru atafika, Chisomo anandipempha kuti ndimuperekeze. Tinawapeza atakhala pa mpando wawo panja, atavula nsapato, jekete ya ukwati ili m'pepala pambali pawo. Chisomo anagwada n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale za nsambo yoduka. Ine ndinakhala kumbuyo kwake ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono, ndikuyang'ana njira yothawira.

Sekuru anatambasula manja, n'kulandira mandolini. Anainunkhiza.

"Polishi wa pakhonde?"

"Eya, Sekuru."

"Bambo anga anaisunga bwino, ine ndaisunga bwino, lero yasanduka khonde."

Anaiika pachifuwa n'kuiliza kamodzi. Anaima. Anailizanso, zala n'kuyamba kuyenda. Zinatsika ndi khosi mpaka kufupi ndi mimba, kumene ine sindinawaonepo akufikako. Anaimanso, n'kuipendeketsa, kuyang'ana mpata wa pakati pa nsambo ndi khosi ndi diso limodzi.

"Watsitsa nsambozi ndani?"

Chisomo, mwana wosayamika uja, analoza ine.

"Ndine, Sekuru. Ngati zalakwika tibwezeretsa pompano. Ndi timawilo iti."

Anavala magalasi. Anatiyang'ana timawiloto nthawi yaitali.

"Timazungulira timeneti?"

"Timazungulira."

"Ine ndinkayesa n'zokongoletsa."

Kenako anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka Chisomo anadzuka kukawatungira madzi. Atamwa, anatambasula dzanja lawo lamanzere kuti tilione. Mfundo za zala zinali zotupa.

"Ukudziwa chimene ndinapitira ku Karoi, muzukuru? Ukuyesa ndi jeketeyi? Ndinapita kukiliniki ndi zalazi. Chiyambire nyengo yozizira ndikaimba nyimbo imodzi zimauma. M'kombi monse ndimaganiza mmene ndikuuzire kuti Loweruka ndingoimba pang'ono pakhomo, kwinako akuperekeze ndi sipika."

Chisomo anagwetsa misozi. Sekuru anamulola alire pang'ono, kenako anamuloza ndi chala chotupa chomwecho.

"Koma usaganize kuti wakhoza. Chinthu cha munthu umapempha. Kumene ukupitako ukakavula nsambo za apongozi ako osapempha, usadzathawire kuno."

Anatembenukira kwa ine. "Nanga inu, mai a Tino, munaziphunzira kuti?"

"Pachulu, Sekuru."

Ndikubwerera kunyumba, mawu awo aja ankangondizungulira m'mutu. Ndinkayesa n'zokongoletsa. Amene anapanga mandolini ija anaikapo timawiloto kuti mwini wake azitembenuza, zala zikatopa, kapena mtengo ukasintha ndi nyengo. Mibadwo iwiri yadutsa, bambo ndi mwana, akulimbana ndi nsambo zouma, wina osayesa n'kamodzi komwe. Ndipo Sekuru si munthu wopusa. Akhoza kukuuzani kuti fodya wapsa pongonunkhiza utsi wa balani.

Ndiye mantha amenewa tinawatenga kuti?

Ine ndikuganiza kuti tinabadwa nawo pa komboni. Ife ana a anthu amene anachokera ku Malawi tinakulira pamalo pomwe chilichonse chinali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo sanali ife. Pampu inali ya bwana. Jenereta inali ya bwana. Ngakhale chitseko cha nyumba imene unabadwiramo chinali cha bwana. Chinthu chikafa, ntchito yako inali kukanena kwa foromani, basi. Ukachigwira n'kuwonongeka m'manja mwako, ntchito yatha, nyumba yatha, ndipo kwanu kumene ungabwerere sukudziwako. Makolo athu anatiphunzitsa kubweza manja chifukwa ankatikonda.

Mapulazi, minda ikuluikulu ya fodya ija, anasintha eni. Maforomani aja anabalalika. Koma mawu oti usagwire anatsala m'makutu mwathu, ndipo tikuwapatsira ana athu ngati dzina la mfunda.

Chodabwitsa n'choti anthu omwewo sanali opanda luso. Ndani wa msinkhu wanga amene sakumbukira mabanjo a zigubu za mafuta? Malume anga ankasema khosi ndi chikwanje, nsambo n'kusolola m'waya wa mabuleki a njinga. Banjo ikalira molakwika ankaimasula yonse n'kuyambiranso, akuimba mluzu. Chimene tapanga tokha timachikonza mopanda mantha. Koma chikangochokera m'sitolo, chili ndi vanishi ndi zilembo za Chizungu, timachiopa ngati mlendo wolemekezeka. Timachipatsa malo abwino m'nyumba, n'kumapirira nacho.

Mjigo wathu wa pafupi ndi sukulu unakhala nyengo yonse yadzinja osatulutsa madzi. Tinkadikira anthu a galimoto. Atabwera anasintha kamphira kamodzi, tonse titaima mozungulira, manja kumbuyo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, abale, tationetsani mmene mwachitiramo.

Musandimve molakwa. Sindikuti aliyense atenge hamala. Pali anthu ena, ndipo mmodzi ndimagona naye nyumba imodzi, amene chinthu chikangotsokomola amathamangira guluu ndi misomali. Akanakhala kuti Chisomo anapeza bambo a Tino okha tsiku lija, bwenzi lero tikunena zina. Chimene ndaphunzira sabata ino n'chapakati: yamba wafunsa, yang'anitsitsa, potokola pang'ono, mvetsera, ndipo uzikumbukira pomwe unayambira kuti ukasokoneza ubwerere. Komanso pali zina zofunadi mmisiri. Mimba ya gitala ikang'ambika, kapena khosi likathyoka, musakwere chulu, kwerani kombi.

Poti ndalalikira chonchi, ndikuuzeni za gitala yanga.

Lachisanu ndinadzuka ndikudzimva ukatswiri. Ndinatsitsa gitala yanga, imene nayonso imandipweteka zala chiigulire. Ndinaiyang'ana kuchokera kumutu ngati mmene mmisiri amayang'anira thabwa, ndipo ndinaona kuti khosi linapindika ngati uta. Ndinali nditaphunzira kale kuti m'kati mwa khosi la gitala muli chitsulo chachitali, ndipo mutu wake umaonekera ukasuzumira pa bowo la pamimba. Bambo a Tino anandibwereka kakiyi kawo kopindika kaja. Ndinafewetsa nsambo, kupotokola pang'ono, kudikira kuti mtengo umve, kuyang'ananso. Khosi linawongoka. Ndinavina ndekha m'nyumba.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinaona kuti nsambo zikhoza kutsikabe. Gitala ilibe timawilo. Ili ndi kafupa koyera kamene nsambo zimadutsapo, ndipo kameneko umakachotsa n'kukapala kunsi pa sandipepa. Wandevu uja anachenjeza kuti upale pang'ono, uyese, upalenso. Ine ndinali ndi nyemba pamoto ndiponso diresi la ukwati loti ndisite. Ndinapala kamodzi, mwamphamvu, kuti zithe.

Nditabwezeretsa, gitala yonse inali ntchentche zokhazokha. Ukwati mawa.

Bambo a Tino anaima pakhomo akumwa tiyi. "Ndibweretse guluu?"

Ndinadula kachidutswa kowonda pa chivindikiro cha majarini, n'kukalowetsa kunsi kwa kafupa kaja. Nsambo zinakwera pang'ono, ntchentche zinathawa. Mpaka lero gitala yanga ikuimbira Mulungu itakhalira majarini, ndipo sinadandaulepo.

Loweruka Sekuru anavala jekete yawo n'kutsogolera mkwatibwi. Anaimba kuchoka pakhomo, kudutsa pa mabalani, kudutsa pa bwalo la mpira, osapuma. Ine ndinali pambuyo pawo ndi gitala, thukuta lili kamukamu, ndikuvutika kuwatsatira, chifukwa ankangothawira ku mawu okwera aja amene anawapeza Lachinayi. Amayi anaimba nthungululu, fumbi linakwera. Gogo wina amene anavinapo nyimbo za Sekuru ali mtsikana anandikoka dzanja n'kundifunsa ngati mkuluyo wagula mandolini ina. Pakhomo la tchalitchi Sekuru anamaliza nyimbo, n'kutambasula zala zawo, kuzipinda, kuzitambasulanso, kenako anayamba ina imene panalibe amene anawapempha.

Mbiri imathamanga pa komboni. Lamulungu titatuluka m'mapemphero, mlaliki wathu anandiimitsa atanyamula gitala m'thumba la feteleza. Ndinamuuza kuti sindikonzera munthu, koma abwere Lachitatu adzakhale pa mphasa, kiyi adzagwire yekha. Sekuru anamva n'kunena kuti nawonso abwera, akufuna aone ngati pali china pa mandolini yawo chimene akhala akuchiyesa chokongoletsa.

Kenako anandikokera pambali Mai Zulu, amene amatsogolera amayi a chigwirizano. Analankhula motsitsa mawu ngati akundiuza za maliro. Makina osokera amene amayi tinapatsidwa, anatero, anayamba kudula ulusi chaka chatha. Anawabwezera m'bokosi, n'kuwaika pansi pa bedi lawo, kudikira kuti mwina kudzabwera wodziwa.

"Abweretseni Lachitatu," ndinatero. "Tidzawatsegule."

Anabwerera m'mbuyo, dzanja pachifuwa. "Ife? Nanga tikawononga?"

"Panopa akusoka, Mai Zulu?"

"Ayi."

"Ndiye tiwononga chiyani?"